Fungo la akulu anga

Lolemba, 3 Marichi

Kachipinda kosungira zikolopa, nthawi ya nkhomaliro. Mpando wanga ndi ndowa yovundikira. Chitseko chotseka.

Ndapita. Ndilembe kaye zimenezo. Ndapita kuchipatala cha amayi, ine, ndi miyendo yangayi.

Kunena zoona anachita kundikoka ndi Wailesi, mnzanga wa pansanjika yachitatu, amene pakamwa pake palibe pozimitsira. Zaka zisanu ndi zinayi tikukolopa nyumba imodzi ya maofesi, iye m'mwamba, ine m'munsi. Lachisanu anandipeza muno ndikuthira mankhwala obiriwira aja, otsukira m'zimbudzi, m'kabotolo kanga. Ndinati ndi okakolopera kunyumba. Iye: "Asisi, musandipusitse. Mpando wa nsalu munasiya kukhalapo, m'basi mumaimirira, pefyumu ngati mwagwera m'botolo. Ine ndine wolongolola, koma wakhungu ayi."

Ndinalira. Miyezi isanu osauza munthu.

Fungo. Chikazi chotuwa, chamadzimadzi. Kuyabwa, kenako kuwotcha. Ndipo fungo ine ndimalidziwa. Akulu anga anapita nalo zaka 19 zapitazo, khansa ya khomo la chiberekero, wowasambitsa miyezi yomaliza ndinali ine. Ndiye nditalimva pa thupi langa ndinangoti basi, yakwana yanga. Ndinachita zimene manja anga amadziwa, kutsuka. Sopo mpaka m'kati, katatu pa tsiku. Zitakanika, kachivundikiro kamodzi ka mankhwala obiriwira mu ndowa yosambira. Amapha tizilombo m'chimbudzi cha anthu makumi asanu, angalephere pa munthu mmodzi? Ndi mmene ndinkaganizira.

Anamwino ndi mayi wamfupi, magalasi pamphuno, manja ofunda. Nditawauza za kachivundikiro sanaseke, sanakalipe. Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Atandiona anati m'kati mwatupa, mwafiira, khomo la chiberekero lero sangalione bwino. Mapiritsi a masiku asanu ndi awiri. Ndibwerenso pa 17 adzaone bwinobwino. "Kuyambira lero madzi okha, kunja kokha. M'katimo musiyemo, muli eni ake osesa."

Masabata awiri ndisanadziwe ngati ndi matenda a akulu anga kapena ayi. Mantha akadalipo. Koma tsopano tikudziwa anthu atatu, si ine ndekha.

Zikomo Wailesi. Mulungu akusungire pakamwa pakopo.

Lachiwiri, 4 Marichi

Pepala la anamwino lili m'thumba la yunifomu. Ndalitulutsa kanayi lero.

Anandijambulira kuseri kwa fomu yakale, ndi cholembera chofiira. Njira zitatu. Ya mkodzo kutsogolo, kang'ono ngati diso la singano. Yodzera mwana pakati. Ya chimbudzi kumbuyo. Milomo ya kunja, milomo ya m'kati. Kumtunda kwa njira ya pakati, khomo la chiberekero, kenako chiberekero chenichenicho.

Zitatu! Ine wa zaka 48, ana aamuna atatu obereka ndekha, wachinayi wamkazi wolera, ndinkaganiza kuti mkodzo ndi mwana zimadzera khomo limodzi. Paipi iliyonse ya m'nyumba ya nsanjika zisanuyi ndimaidziwa, ikatseka apulambala amafunsa ine kuti imachokera kuti. Za thupi langa ayi. Safunsa adadya phula.

Anati m'njira ya pakatiyo mumakhala tizilombo tabwino, ndi timene timaletsa toipa kumanga nyumba. Sopo amapha tabwinoto. Toipa timalowa, fungo limayamba, munthu amawonjezera sopo, fungo limawonjezeranso. Ndiye kuti miyezi yonseyi ndimathamangitsa alonda n'kumadabwa kuti akuba achuluka. Anatinso chikazi choyera, chopanda fungo, si litsiro, ndi mmene thupi limadzisesera. Podzipukuta, kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Mapanti a thonje, ouma bwino.

Amatchula chilichonse ndi dzina lake ngati akutchula chigongono. Ine makutu kutentha. Ndiyese kulemba pano pomwe palibe ondiona: nyini. Ndalemba. Denga silinagwe.

Anati ndikadziyang'ane ndi galasi, munthu azidziwa pake pali bwino kuti pakasintha adziwe. M'mawa ndatenga kagalasi kometera ka abambo akunyumba, ndakhoma chitseko cha bafa. Zonse zilipo monga pa pepala. Zofiira, zolira, koma zilipo. Ndinapepesa. Sindikudziwa ndimapepesa ndani.

Potuluka abambo: "Kagalasi kanga kanapita kuti?" Ine: "Kusukulu." Angondiyang'ana n'kupita ku mashini awo osokera.

Lachisanu, 7 Marichi

Mapiritsi owawa, m'kamwa ngati ndanyambita supuni yadzimbiri. Tsiku lachisanu. Sindinadumphe ndi limodzi lomwe.

Chovuta si mapiritsi. Chovuta ndi manja. Ndikalowa m'bafa dzanja limapita lokha pa sopo. Amayi athu ankati mkazi waukhondo amasamba mpaka m'kati, ndipo ankatero potikonda, nawonso anauzidwa choncho. Zaka makumi atatu ndi zisanu za chizolowezi. Dzulo ndinasiya sopo panja pa chitseko kuti ndisambe kaye kumusi ndi madzi okha. Ndinatuluka ndikudzimva ngati munthu wakolopa theka la chipinda.

Kabotolo kaja ndabweza mankhwala ake m'chigubu cha kuntchito. Wailesi anaima pambali, manja m'chiuno, ngati wapolisi.

Kuwotcha kwachepa. Lero ndakwera masitepe onse osaima.

China: mapanti. Moyo wanga wonse ndimayanika kuseri kwa chitseko, nditaphimba ndi tawulo, kuopa maso a anthu. Ndimavala ali a chinyontho. Lero ndayanika pa chingwe, padzuwa, pakati pa malaya a abambo ndi nsalu ya patebulo. Mayi wa khomo loyandikana anayang'ana. Ndinamupatsa moni. Anayankha. Nkhani inathera pomwepo.

Lamulungu, 9 Marichi

Kwabwera Kadona ndi kamwana kake. Kadona, mwana wa akulu anga, wanga ine kuyambira tsiku la maliro, ali ndi zaka 13. Dzinali tinam'patsa chifukwa chokonda kutchena, ngakhale popita kotaya zinyalala. Pano ndi mayi wa zaka 32, wa pa kauntala m'sitolo ya nsapato.

Wawonda pang'ono. Siketi yakuda, sabata yatha inalinso yakuda. Buluku loyera lija ankalinyadira sindinalionenso. Pefyumu wake mpaka abambo anayetsemula. Ndinati khala pa sofa, anati wakhala kokwanira m'basi, anaima pa khomo la khitchini n'kumandithandiza kusenda anyezi. Ana a masiku ano, mafashoni awo sindiwamva.

Anandifunsa ngati sopo wonunkhira uja ndimagulabe pa shopu ya pakona. Ndinati ndinasiya. Anafunsa chifukwa. Ndinati wandikwana.

Pepala la anamwino linali pa shelefu, ndinalibisa pansi pa chitini cha shuga. Ndimuuze chiyani mwana amene anaona mayi ake akutha ngati kandulo? Ndidikire pa 17. Ikakhala nkhani yoipa ndidzapeza mawu. Ikakhala yabwino palibe chifukwa chomuopsezera.

Akamaseka ndi akulu anga enieni, mpata wa mano womwewo. Ndathokoza kuti anandisiyira nkhope imeneyi.

Lachitatu, 12 Marichi

Mapiritsi anatha Lamulungu. Fungo palibe. Ndanunkhiza panti katatu ngati galu, palibe.

Ndakhala pa mpando wa nsalu mu ofesi ya abwana aakulu, iwo ali ku msonkhano. Mphindi ziwiri zathunthu, chikolopa m'manja. Podzuka ndinayang'ana pampando. Poyera.

Abambo ndinawauza dzulo, tikumwa tiyi wa m'mawa, ana atachoka. Zonse, ndi kachivundikiro komwe. Miyezi isanu ndimagona kumphepete kwa bedi nditadzikulunga nsalu yangayanga. Iwo anaika kapu pansi: "Mayi, ine ndimayesa mwakwiyira diresi lanu ndinalifupikitsa lija. Ndakhala ndikupepesa mumtima kuyambira Okutobala." Tinaseka mpaka ine misozi. Kenako anasiya kuseka, anafunsa za pa 17, nthawi yanji, kuti atseke shopu yawo andiperekeze. Ndinati ayi, kumeneko n'kwa amayi. Anati akhala panja pa geti.

Lero pobwera ndapeza kaphukusi pa pilo. Mapanti anayi a thonje, osoka okha, ulusi wabwino, mphira yofewa. Kukula kwake! Tingalowemo ine ndi Wailesi. Telala wa zaka makumi atatu, muyeso wa mkazi wake osaudziwa. Akuti anachita manyazi kundiyeza. Ndavala imodzi, ndamanga kamfundo m'mbali. Sindiwauza.

Lamulungu, 16 Marichi

Mawa.

Fungo latha, inde. Koma anamwino sanati khansa palibe. Anati adzaona.

Tsiku lonse akulu anga m'mutu. Anayamba ndi magazi, osati a kumwezi, timadontho ta pakati pa mwezi. Anandiuza mochedwa, ali gone, kuti zinatenga chaka chathunthu. Chaka akuchapa tinsalu mobisa, akusamba kanayi pa tsiku, akuthira mafuta onunkhira. Tinkagona nyumba zoyandikana, tinkabwerekana mchere ndi ndolo, koma za kumusi sitinkakambirana. Kuchipatala anapita titawanyamula. Adokotala anangoti mukanabwera kale.

Mawu awo amene sandichoka: "Ndimaopa kuti aziti ndine wauve."

Akulu anga, amene mapoto awo munthu ankadziyang'aniramo.

Ndasita yunifomu. Ndachapa makatani amene sanade. Abambo anandilanda ndowa n'kundikhazika pansi, anandipatsa mabatani kuti ndiwasankhire, akuda kwaokha, oyera kwaokha. Ndikudziwa kuti sakuwafuna. Ndasankhabe.

Lolemba, 17 Marichi

Palibe.

Ndilembenso. PALIBE.

Kachitsulo koyezera kooneka ngati mlomo wa bakha, anayamba akatenthetsa m'manja. Nyali. Mankhwala ozizira pa thonje, kununkhira viniga. Mphindi imodzi yodikira, yaitali kuposa sabata. Ine maso kudenga, kuwerenga madontho a utoto, khumi ndi anayi, ndi kangaude mmodzi amene wokolopa wa kumeneko anamuphonya. Kenako anamwino: "Khomo lanu lili bwinobwino, amayi, losalala. Kutupa kwatha. Alonda abwerera pa ntchito. Tidzaonane pakatha zaka zitatu, koma mukaona chachilendo musadikire."

Ndinawagwira dzanja ndi manja awiri, magolovesi ali pomwepo. Ndinati zikomo kambirimbiri mpaka anati basi amayi, pa benchi pali anzanu.

Ndikuvala ndinafunsa chimene chinkandidya: kodi akulu anga anawapha ndi kusamba kuja? Anati ayi. Khansa imeneyi imayamba ndi kachilombo kena, kofala kwambiri, sopo sakabweretsa ndipo sakachotsa. Fungo limabwera mochedwa. Poyamba pamakhala magazi a pakati pa mwezi, kapena otuluka munthu akakhala ndi abambo, nthawi zina popanda chizindikiro chilichonse, n'chifukwa chake amayeza ngakhale amene sakumva kupweteka. Ikapezeka msanga amathana nayo.

Kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi: "Kusamba kotereku munaphunzitsidwa ndi mayi anu. Nanga inu munaphunzitsa ndani?"

Anga obereka ndekha ndi anyamata okhaokha. Wamkazi ndi mmodzi.

Abambo pa geti, chipewa m'manja, tepi yoyezera ikadali m'khosi. Ndinangogwedeza mutu. Anakhala pansi pa mwala n'kuphimba nkhope ndi chipewacho. Wailesi nditamuimbira anakuwa mpaka akapitawo anatuluka mu ofesi.

Lachinayi, 20 Marichi

Pepala la anamwino latchuka. Wailesi wapempha mtsikana wa pa risepushoni kuti alichulukitse pa mashini, makope asanu ndi limodzi. Nthawi ya nkhomaliro tinadzaza kachipinda kano, okolopa tonse asanu ndi mayi wa tiyi. Awiri ankadziwa za njira zitatu. Atatu ayi. Mayi wa tiyi, wa zidzukulu zisanu ndi ziwiri, anatembenuza pepala chadodolido n'kunena kuti: "Ndiye mwati zonsezi ndakhala ndikuyenda nazo?" Tinaseka mpaka kugwetsa zikolopa.

Kwa anzanga pakamwa pamatseguka. Kwa mwana wanga ayi.

Ndine ndinam'phunzitsa Kadona. Mayi ake atangopita, ine ndi mantha anga, fungo lija likadali m'mphuno. Ndinamuuza mawu a amayi athu, ndinawonjezerapo anga: ukamva kafungo usauze munthu, samba. Ndinkayesa ndikumutchinjiriza.

Ndamuimbira dzulo. Tinakamba za nsapato za mwana, za mvula, za chifuwa cha apongozi ake. Ndinatseka foni osanena.

Wailesi: "Munakwanitsa kuvula pamaso pa munthu wachilendo, mukulephera kutsegula pakamwa pamaso pa mwana wanu? Lamulungu mumuuze, apo ayi ndibwera ndidzamuuze ndine, ndipo ine ndikanena amva mpaka a pa shopu."

Lamulungu, 23 Marichi

Ndamuuza.

Abambo anatenga kamdzukulu kupita nako kukaona mashini. Ine ndi Kadona m'khitchini, iye chiimire pa khomo monga masiku onsewa. Siketi yakuda. Pefyumu. Ndipo ndili pakati potulutsa pepala pansi pa chitini cha shuga, maso anga anatseguka. Osakhala pa sofa. Buluku loyera losowa. Kufunsa za sopo. Zonse zimene Wailesi anaona pa ine, ine ndinaziona pa mwana wanga masabata awiri apitawo n'kunena kuti ndi mafashoni.

Ndinayamba ndi zanga. Fungo, kachivundikiro, anamwino, njira zitatu. Ndinati ndinakuphunzitsa zolakwika mwana wanga, undikhululukire. Ndinanena za magazi a mayi ake, chaka chija, zimene sindinamuuzepo.

Anayang'ana pepala nthawi yaitali. Chala chake pa khomo la chiberekero. Kenako, osadzutsa mutu: "Amayi, ine ndi miyezi inayi. Timadontho, pakati pa mwezi, ndiponso tikakhala ndi bambo ake mwana. Ndimasamba monga munandiuzira. Ndimaopa kukuuzani, munavutika kale ndi amayi."

Ndinkafuna kukuwa. Sindinakuwe. Ndinakumbukira anamwino akupukuta magalasi. Ndinatenga kansalu n'kupukuta tebulo loyera kale mpaka mtima unakhala pansi. Ndinati magazi ali ndi zifukwa zambiri, ife sitingadziwe, odziwa alipo, ndipo mawa ndi Lolemba. Anati ntchito. Ndinati nsapato zidikira.

Ndinamukoka dzanja n'kumukhazika pa sofa. Anakana, ndinamukankha. Ndinakhala pambali pake, mutu wake paphewa langa. Analira ngati tsiku la maliro lija.

Miyezi inayi, osati chaka. Akuyenda yekha, sitikumunyamula. Ndikuthokoza fungo langa lija, ndi miyezi isanu ya manyazi, ngakhale kachivundikiro kopusa kaja. Popanda zimenezo ndikanakhala ndikusenda naye anyezi mpaka liti?

Wagona kuno. Ndamupatsa imodzi ya mapanti anasoka abambo aja. Waseka koyamba lero, akuti alowamo ndi mwana yemwe.

Lolemba, 24 Marichi

Pa benchi, kuchipatala cha amayi. Wailesi wandigwirira nsanjika yanga. Abambo pa geti, pa mwala wawo uja, mdzukulu pamwendo.

Anamwino atationa awiri sanafunse kanthu. Anayang'ana ine, anayang'ana Kadona, n'kunena kuti: "Mwachita bwino kubwera naye."

Walowa. Chikwama chake chili pamiyendo panga, foni yake ikulira m'katimo, a kusitolo. Ilire.

Pa benchi tilipo asanu ndi anayi. Wa pambali panga waima chiimire, akuti wakhala kokwanira m'basi. Ndamusunthira malo. Ndikatha apa ndimuonetsa pepala.

Akulu anga, tsiku lanu lija ine ndinatsala panja pa chitseko ngati chomwechi, sindinkadziwa ngakhale dzina la malo amene ankakupwetekani. Lero ndikudziwa. Mwana wanu ndabwera naye. Chilichonse chimene apeze m'menemo, achipeza ife tili maso.

Mphindi khumi. Pansi apa akolopa bwino, koma m'makona ayi.

Chitseko chatseguka. Anamwino akundikodola. Akuti sanayambe, mwana akukana kugona pa bedi popanda dzanja la amayi ake.

Manja okhakhala awa, onunkha mankhwala obiriwira. Ndikulowa